Mchira wa Chipisi

Khalani pansi, ana inu, foniyo muisiye kaye. Ambuya anu a ku Chipata, amene ali ku Dohawo, atsanzika kalekale, koma inu mukuyang'anabe pagalasipo ngati atulukiramo. Ine ndakhala pano kuyambira m'mawa, ndakusenderani nzimbe, ndakuchotsani chisoso m'malaya, palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa mmene ndadzukira. Koma foni ikangolira kuchokera ku Doha, mumapondana pakhomo. "Ambuya, tionetseni Chipisi! Ambuya, muuzeni agwedeze mchira!" Ndimamva, musayese kuti makutuwa anafa. Nsanje ndili nayo, ndipo sindikubisirani.

Iwe Tadala, dzulo unandifunsa ngati n'zoona zimene akunena amalume ako, zoti kagalu kanu katsopanoka kadulidwe mchira kuti kakule kolusa. Ndikuyankha, koma yankho langa ndi lalitali. Mchira wa galu wa ku Doha umene mumauombera m'manja pafonipo ulipo chifukwa cha ine. Ambuya anu anakuuzanipo zimenezo? Ndadziwa, sanakuuzeni.

Ndiyambire kwathu ku Ntchisi. Bambo anga, amene inu simunawaone, anali munthu wa uzimba. Masiku amenewo tchire linali tchire, osati zalerozi zoti ukaima pachulu ukuona mpaka mudzi wachitatu. Udzu ukauma, moto ukadutsa, amuna ankanyamula nthungo, mauta ndi zibonga, agalu ali patsogolo. Madzulo ankabwera mbuu ndi phulusa la palupsa, wina wasenza gwape, wina ntchenzi, wina njala yake yokha. Nyama tinkaifutsa n'kuiyanika pamwamba pa moto, kunalibe za mafirijizi. Inu a masoseji simungazimvetse.

Agalu a bambo onse analibe michira. Kagalu kakangoyamba kuyenda, ankakatengera pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, nkhwangwa kha! kamodzi, n'kupakapo phulusa lotentha. Ankati mchira ndi chogwirira cha nyani, ndipo nyani akagwira galu kumchira ndiye kuti galuyo wapita. Ankatinso galu wa mchira amaphunzira mantha, poti ali n'choti apinde pakati pa miyendo. Koma chifukwa chenicheni sankachinena pagulu. Kansonga ka mchira kodulidwa kaja ankakawotcha, n'kukapera, n'kukasakaniza m'gaga, kagaluko n'kudyera padzanja pawo. Ankati galu wodya mchira wake padzanja pako satsata munthu wina mpaka imfa.

Kaya anali mankhwalawo kaya anali mafupa amene ankawaponyera, sindidziwa, koma galu wawo wamkulu, Adzatopa, sankalandira kanthu kwa munthu wina aliyense. Musaseke dzinalo. Kale mayina a agalu anali mivi. Ukayambana ndi mnansi sunkapita kukamutukwana, unkangotcha galu wako dzina n'kumamuitana mokweza m'mawa uliwonse. Lero agalu mukuwatcha mayina a zakudya.

Kwathu tinabadwa akazi okhaokha, ine woyamba, ndiye wogwira tiagalu pachitsa paja ndinali ine. Bambo sanali munthu wankhanza, ana inu, ankachita zimene anaona kwa bambo awo. Koma kulira kuja kunkandilowa m'manja. Tsiku limenelo sindinkadya. Ndinalumbira chamumtima kuti ndikadzakula, galu wanga adzafa ndi mchira wake. Kenaka ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka Chikondi, amayi anuwo, ndi amalume anu, agogo anu aamuna anatisiya, ndipo galu sindinakhale naye n'komwe. Pakhomo poti ana akugona ndi njala, galu ungamudyetse chiyani?

Ku Doha ndinapita imvi zitayamba kale. Ulendo wautali umene ndinkaudziwa unali wa matola, pamwamba pa matumba a fodya, kupita ku Lilongwe. Ndiye munthu yemweyo mumukweze ndege. Chakudya chimene anatipatsa m'mwambamo ndinachimanga pachitenje poganiza kuti n'cha ulendo wonse. Titatera, chitseko chitatseguka, ndinayesa kuti kunja akuwotcha njerwa.

Ntchito ndinaipeza m'nyumba ina ku Al Khulaifat, kufupi ndi nyanja. Bwana anali mzungu wa ku Joni, wa zomangamanga, munthu wa mawu aakulu koma wosasunga mangawa. Dona anali wofatsa, wodziwa kupeza zimene akufuna popanda kukweza mawu. Anali ndi galu wamkazi wamkulu, wofiirira, wa kachitsa m'malo mwa mchira. Galuyo anali ndi bedi lake, dokotala wake, ngakhale pasipoti. Nsanje yanga yoyamba ku Doha inali pa iyeyo, poti ankadya nyama tsiku ndi tsiku ali gone pamphepo yozizira ya makina. Koma imeneyo inali nsanje yamasewera, inatha ndi mwezi umodzi.

Lachisanu linali tsiku langa lopuma. Ndinkakwera basi kupita ku Umm Ghuwailina, kumene kunali kasitolo kogulitsa ufa, nyemba ndi tinsomba touma. Tsiku lina ndili m'menemo ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iyi kapenta yadula maningi, awa anthu afuna kutipaya!"

Nditacheuka ndinaona mayi wamfupi, wonenepa, akuseka yekha ndi kapaketi m'manja. Amenewo ndiwo aFelesiya, Ambuya anuwo. Nthawi imeneyo ankakolopa m'maofesi ku Al Mirqab. Tinagwirana chanza, ndipo sitinasiyane mpaka basi yomaliza. Ndinawakonda, zimenezo lembani pamtima. M'dziko la eni, munthu womva chinenero chako ndi m'bale wako. Koma kuyambira tsiku lomwelo ndinaona kanthu kena: wa sitolo uja anawaonjezera tomato awiri, ine ayi. Alipo anthu amene amakondedwa osakhetsa thukuta, kaya anawasambitsa chiyani ali akhanda.

M'nyengo yozizira, poti nakonso kumazizira, kamphepo kake kolowa m'mafupa, galu wa dona uja anaswa. Tiana tonse tinali tonenepa kupatula kamodzi, kotsiriza, kamene make ankakakankhira kumbali ndi mphuno. Dona anati kafa basi. Ine ndinakatola. Ndinkakamwetsa mkaka ndi kabotolo, n'kukamanga pachifuwa ndi chitenje, n'kumasita zovala kali pompo. Kankagona kakumva mtima wanga. Dona ataona kuti sikakufa anakatcha Chipisi, chifukwa cha mtundu wa ubweya wake. Dzinalo sindinalikonde, koma ndinali ndani ine.

Ndiye mkangano unabuka patebulo. Bwana anati tiagalu tonse tidulidwe michira tisanakule. Anati mtundu umenewo umadulidwa chikhalire, bambo ake ankadula, ndipo ukausiya ndi mchira umaoneka ngati galu wa kudzala. Anatinso tikadali takhanda fupa limakhala lanthete, sitimva kanthu, ndipo galu wamkulu wa m'nyumba amamenyetsa mchira m'makoma mpaka kutuluka magazi. Dona anati dokotala wa ziweto wakana kale, ndipo m'mayiko ambiri anaziletsa. Anati galu amalankhula ndi mchira, ndiye kumudula ndi kumusandutsa bubu pofuna kuti akongole m'maso mwa anthu. Mpaka mlonda wa pageti, bambo wa ku Sudan, anaikapo mlomo. Anati agalu a liwiro a Aluya, owonda ngati nkhuni aja, amathamanga m'chipululu michira ili lendelende, ndipo palibe amaikhudza.

Bwana anatembenukira kwa ine ndili ndi mbale m'manja, n'kundifunsa ngati kwathu timadula. Ndinati eya, bambo anga ankadula. Anaomba m'manja, n'kuuza dona kuti wamva yekha. Ndinawonjeza kuti wogwira ndinali ine, ndipo timalira. Anangoseka, n'kunena kuti bambo anga ankadula mochedwa, ndiponso ndi nkhwangwa. Mwina ankanena zoona, sindinakhalepo kagalu kuti ndidziwe. Mawa lake anapeza munthu wina wovomera kudzadulira panyumba.

M'mawa wa tsikulo, bwana atapita kuntchito, dona analowa kukhitchini. Anayang'ana chitenje cha pachifuwa panga, n'kunena kuti kameneko n'kofooka, sikangapirire mpeni, kapite kaye kwina mpaka kalimbe. Anati takisi ili pageti. Kumene ndikapite nako sanafunse.

Ndinalunjika ku Umm Ghuwailina. AFelesiya masiku amenewo ankangokhala, ntchito ya m'maofesi itatha, akudikira mapepala. Ankagona m'chipinda chimodzi ndi amayi ena, mabedi osanjikizana, aliyense katani yake. Ndinamasula chitenje pabedi pawo.

"Amake Chikondi, manje ichi n'chiyani? Mbewa?"

"Ndi galu. Mundisungireko mpaka kafupa ka mchira kakhwime. Kakakhwima sangadulenso."

"Galu? Mu akomodeshoni muno? Haramu, salola! Wochimani akamva ni khalasi, zatha, tonse panja na masutukesi."

"Sikalira ayi. Ndi maso omwe sikanatsegule."

"Ine agalu sin'nawakonde chibadwire, amake Chikondi. Ananiluma nili mwana." Anakayang'ana, n'kupukusa mutu. "Yala, chabwino, kasiyeni. Koma ni chifukwa cha imwe chabe."

Mwamva, ana inu? Sankawakonda agalu. Mawu amenewo muwasunge, mudzawafunse akadzaimbanso.

Ndinawasiyira kabotolo, ndinawasiyiranso chitenje changa chija kuti kazigonapo, kasaiwale fungo langa. Lachisanu loyamba nditapita ndinapeza chitenjecho chili pachingwe, chochapidwa ndi sopo wonunkhira. "Chenze kununkha," anatero aFelesiya, akumwetulira ngati andichitira zabwino. Kagalu kanali m'kati mwa juzi yawo. Lachisanu linalo ndinapeza maso atatseguka. Ine kunalibe pamene ankatseguka, ndinali ku Al Khulaifat kukwecha bafa. Chinthu choyamba chimene Chipisi anaona padziko lapansi chinali nkhope yozungulira ya Ambuya anu.

"Onani, onani!" anatero, n'kuseka. Atangoseka, kamchira kaja, kochepa ngati chala changa chaching'onochi, kanayamba kunjenjemera. Ndinagwada, ndinakaitana, ndinakapatsa dzanja. Kananunkhiza, n'kuyetsemula, n'kukwawira kumapazi kwawo.

Nditakabweza kunyumba, bwana anakalipa tsiku limodzi, n'kuiwala. Abale ake a Chipisi anali atadulidwa kale, ndipo posakhalitsa anatengedwa ndi anthu ena. Koma Chipisi anakana kudya. Botolo lomwe lija, dzanja lomwe lija limene linamutola make atamukana, iye ankangotembenuza mutu n'kumalira. Dona anandifunsa kumene anali, ndipo ndinanena. AFelesiya anaitanidwa. Atangolowa pakhomo n'kuti "Iwe kamambala," mchira uja unayamba, mkaka unatha m'botolo. Dona anawayang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo mwezi usanathe mapepala a aFelesiya anali atasinthidwa, akugwira ntchito m'nyumba momwemo. Mkazi mnzanga ndinakadzitengera ndekha pa takisi.

Musayese kuti ndinangogonja. Ndinalimbana nazo zaka. Amene ankadzuka dzuwa lisanatuluke kukamuyendetsa, kuti phula lisamuwotche mapazi, ndinali ine. Womusambitsa, ine. Womuchotsa nkhupakupa, womubisira mapiritsi m'chiwindi, wokolopa akasanza, ine ndemwe. AFelesiya ankangokhala pampando n'kumasenda anyezi, akuimba nyimbo za kwawo. Ine ndikalowa, Chipisi ankadzutsa mutu, mchira n'kupita uku kamodzi, uku kamodzi, moni wa kwa apongozi. Koma angomva patapata wa aFelesiya, mchira uja, umene tsopano unali utakula ngati mpini wa khasu, unkagwetsa makapu patebulo. Dona anachita kusamutsira zosweka zonse pamwamba. Ngakhale bwana, amene ankafuna kuudula, unkamugwedezekera bwino ndithu, ndipo iye ankaitana alendo kuti adzaone. Aliyense ankadya za m'munda umene ndinalima ine.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Tinali kukhitchini, galu ali gone pamapazi pawo.

"Galuyu ndi wanga, aFelesiya. Ndinamutola ndine."

"Ni wanu, nanga nakana? Mafi mushkila, palibe vuto, mutengeni." Anamukankha ndi phazi. "Yala, pita kwa amako. Choka apa!"

Chipisi anadzuka, anabwera kwa ine poti wauzidwa, anakhala pansi mwaulemu, maso ali kwa iwo. Sabata yonse aFelesiya anayesa kumunyalanyaza chifukwa cha ine, osamuitana, osamuyang'ana. Galu anaonda. Ndinachita kuwapempha ndekha kuti asiye. Palibe chowawa ngati kupatsidwa chinthu ndi munthu amene sakuchilimbira n'komwe, chinthucho n'kukana kupatsidwa.

Apa m'pamene ndinakumbukira bambo anga. Masana ena, onse atachoka, ndinkamupesa Chipisi pakhonde la kuseri. Ndinatenga sizasi, n'kumeta tiubweya ta kunsonga ya mchira, ubweya wokha. Ndinatiwotcha pa supuni, n'kusakaniza ndi nyama, n'kumupatsa padzanja panga ngati mmene ankachitira bambo. Anadya zonse. Ananyambita dzanja langa mpaka m'mipata ya zala, ndipo ndinati basi, mankhwala agwira. Kenaka geti linalira, ndipo ndinatsala ndekha ndi dzanja lonyowa.

"Mwapsereza chiyani muno?" anafunsa aFelesiya akulowa, galu akuvina mowazungulira.

"Palibe."

Usanaseke, iwe Tadala, imva izi. Ndinadziwa chimene chinasowa. Mankhwala a bambo ankafuna fupa, osati ubweya. Mawa lake ndinakhalanso pakhonde pomwe paja, mchira uli pamwendo panga, mpeni wa nyama uli pafupi. Kansonga kokha, kochepa ngati njere ya chimanga, ndikananena kuti wadzipana pachitseko. Ndinaugwira mchirawo nthawi yaitali. Unali wofunda, ndipo mwini wake anali m'tulo, osaopa chilichonse. Ndinabweza mpeni m'dirowa, n'kukatenga tsache.

Ndiye amalume anu akabwera ndi lumo lawo, muwauze kuti agogo akana. Akafuna galu wolusa akagule loko. Koma ndikuchenjezeni, poti ena sakuuzani: mchira sunama. Ukausiya, udzakuuza tsiku ndi tsiku amene galu wako amamukonda, ndipo mwina sadzakhala iwe. Nthawi zina ndimaganiza kuti bambo anga ankadula kuti asamve zimenezo.

Za mmene inu munabwerera padziko, n'zomwezonso. Amayi anu ananditsatira ku Doha kukagwira ntchito ya muhotela. Mwana wa aFelesiya, Mabvuto, bambo anuwa, ankayendetsa galimoto za kampani ina komweko. Lachisanu aliyense wa awiriwa ankabwera kudzaona make, ndipo posakhalitsa tinazindikira kuti amene akuonedwa si ife. Ndinasangalala, mkamwini ndinapeza wabwino. Koma tsiku limene ndinamva mwana wanga, wobereka ndekha, akuuza aFelesiya zakukhosi zimene ine sanandiuze, ndinati basi, mayi ameneyu adzanditengera ndi chithunzithunzi changa chomwe. Lero ndi inu apa, maso pa foni.

Mawondo atayamba kukana masitepe, ndinapempha kubwerera kumudzi. Sabata yomaliza ndinkapempha chinthu chimodzi chokha kwa Mulungu, ndipo ndinkachita nacho manyazi, poti anzanga amapempha zazikulu. Ndinkafuna kuti mchira uja ugwedezekere ine kamodzi kokha, wonse, mmene umachitira kwa iwo.

Tsiku lonyamuka, katundu ali kale m'galimoto, aFelesiya anamanga mpango. "Niyenda nikagule buledi," anatero, buledi ali tho m'kabati. Ndinadziwa kuti akundisiyira galu. Ndinakhala pampando pafupi ndi chitseko chagalasi choyang'ana kugeti, ndipo Chipisi anabwera n'kuika chibwano pabondo panga. Ndinamuuza zonse. Ndinamuuza za make amene anamukana, za chitenje, za takisi, za abale ake oyenda ndi zitsa. Anandimvetsera bwinobwino, maso ali phethiphethi. Mchira unasesa pansi kamodzi, n'kugona.

Dalaivala analiza hutala. Ndinaimirira, ndinatenga kachikwama, ndinaima pachitseko chija ndisanatsegule. Nthawi yomweyo geti linalira. AFelesiya anabwerera msanga, poopa kuti ndinyamuka osatsanzikana. Chipisi anadumpha n'kudzaima pambali panga, mphuno pagalasi, ndipo mchira unayamba. Pamene ndinaimapo panali pothina, ndiye unkandimenya m'miyendo, pha! pha! pha! Zaka zonse zija unali usanandikhudzepo choncho. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti si wanga. Galu sankandiyang'ana n'komwe.

AFelesiya anatiwona kudzera pagalasi. Anaima pomwepo pakati pa bwalo, dzuwa likuwawotcha, buledi ali m'manja, osayandikira. Dalaivala anakuwa, "Yala, mama, eyapoti!" Iwo anamukweza dzanja kuti adikire, n'kuyamba kuitana chapansipansi, "Chipisi. Chipisi. Kamambala." Akaona kuti mchira ukufooka, ankaitananso. Ine sindinasunthe. Ndinatseka maso, n'kuima pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Mikwingwirima ya mchirawo ndinatsika nayo ndege ku Lilongwe, ndipo itayamba kuzimiririka ndinalira. Ambuya anu ndi munthu wabwino, ana inu. N'chifukwa chake mpaka lero sindinawakhululukire.